Kainjini ka tulo ta dalaivala

Dalaivala wa thiraki ku America akayendetsa maola 11, lamulo limamuuza kuti aime, apume maola 10. Ambiri amapumira m'thiraki momwemo, pa kabedi ka kuseri kwa mipando. Tsono mu Julayi ku Arizona kachipindako kamatentha ngati uvuni wa njerwa, pomwe mu Januwale ku Minnesota munthu atha kuuma ndi chisanu. Kwa zaka zambiri panalibe kuchitira mwina koma kusiya injini yaikulu ikulira usiku wonse.

Kugona kotereku n'kodula. Akatswiri a ku Argonne National Laboratory adawerengetsera kuti thiraki ya maulendo ataliatali imalira itangoima maola pafupifupi 1,800 pachaka, ndipo ola lililonse imamwa dizilo wokwana malita ngati 3. Chaka chikamatha, malita oposa 5,000 apsa tayala lisanazungulire. Injiniyo nayo ikutha, ndipo sefa ya utsi ikudzaza mwaye.

Apa ndipo padalowera APU. Ndi kainjini ka dizilo kokhala m'bokosi lachitsulo lomangiridwa m'mbali mwa thiraki, pafupi ndi thanki. Kamayamwa mafuta m'thanki yomweyo, koma lita imodzi pa ola n'kukwanira. Dalaivala amazimitsa injini yaikulu, n'kudina batani pafupi ndi pilo, basi. Mpweya wozizira kapena wofunda uyamba kulowa, firiji ikugwira, foni ili pa tchaji, mabatire sakutha mphamvu. Kwa amene amagona atavala makina othandiza kupuma, magetsi amenewa ndi nkhani ya moyo. Mayina omwe amamveka kwambiri m'malo oimikira mathiraki ndi TriPac ya Thermo King ndi ComfortPro ya Carrier.

Boma nalo lidakankha. Ku California thiraki siloledwa kulira itaima kupitirira mphindi 5, ndipo kuyambira 2008 lamuloli lidakhudzanso amene akugona m'thiraki. Popeza bokosilo limalemera, lamulo la dziko la 2005 lidalola thiraki ya APU kupitirira mlingo wa pasikelo ndi mapaundi 400, ndipo mu 2012 adakweza kufika pa 550.

Chomvetsa chisoni n'chakuti alipo makampani omwe amatchera injini kuti izizima yokha pakangopita mphindi zochepa, koma APU osagula. Amenewa akupulumutsa mafuta pomulanda wantchito tulo. Munthu amene wachezera kutembenuka, thukuta lili kamukamu, ndi yemweyo amene m'mawa akhale pachiwongolero cha matani 36 pakati pa magalimoto onyamula ana asukulu. Mtengo wa APU, womwe umafika madola 10,000 kapena kuposerapo, sungakhale chowiringula, pakuti dizilo wopulumutsidwayo amabweza ndalamayo m'zaka zowerengeka.

Koma kainjinika kamafuna chisamaliro. Oilo, sefa ya mafuta ndi lamba zili ndi nthawi yake yosinthira, ndipo poti kamakhala pansi, kamamwa fumbi, matope ndi mchere womwe amawaza m'misewu nthawi ya chipale.

Ena adasankha APU ya mabatire, yopanda phokoso ngakhale utsi, imene imadzaza thiraki ikamayenda. Usiku umodzi imakwanitsa. Koma dalaivala akaima maola 34 a mpumulo wa pasabata dzuwa la ku Texas likuswa mtengo, mabatirewo amatha, ndipo injini yaikulu iyenera kulizidwanso kuti iwadzaze.