Mseu wa ku Cipatala Si Khola la Magalimoto

Munthu wa ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi akalandira kalata yomutumiza ku cipatala cacikulu ca UTH mu Lusaka, nkhawa yake imakhala pa ndalama ya basi, pa malo ogona ndi pa matenda amene am'gwira. Za malo oimika galimoto saganizako n'komwe, popeza galimotoyo alibe. Komabe magalimoto amene amadzaza m'miseu yozungulira cipatalaco amasautsa iyeyo kopambana eni ake.

Kucokera ku Chipata kufika mu Lusaka ndi ulendo wa makilomita oposa 550 pa mseu wa Great East. Basi imatula anthu pa Intercity, mu mseu wa Dedan Kimathi, pafupi ndi sitesheni ya sitima. Wodwala amene sangathe kuyenda amalowa m'takisi kapena m'galimoto ya mbale wake wa m'tauni, nalunjika ku mseu wa Nationalist kumene kuli cipatala. Ngati m'mbali mwa mseu mwadzaza magalimoto ongoima, woyendetsa amasowa poima pafupi ndi cipata, ndipo gogo amene wapirira tsiku lathunthu m'basi amatsitsidwa patali kuti atsirize ndi miyendo. Poti njira ya oyenda pansi nayonso yatsekedwa, amayenda mu mseu weniweni, mwana wake atam'gwira dzanja, katundu ali pamutu. M'dzinja pamaonjezeka matope ndi ngalande zodzaza madzi. Ambulansi nayo ilibe mapiko. Imadikira pamzere womwewo, wodwala ali m'kati.

Cimene cinabweretsa mpanipani umenewu n'codziwika. Lusaka inakhala likulu la dziko mu 1935, ndipo dera la Ridgeway, kumene kuli cipatalaci, linakonzedwera maofesi a Boma ndi nyumba za akuluakulu ocepa. Kalembera wa 2022 anapeza kuti m'boma la Lusaka muli anthu oposa mamiliyoni 2. Kampani ya mabasi ya UBZ inatha mu 1995, ndipo m'zaka zotsatira magalimoto ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan anayamba kulowa moculuka, kotero kuti amene kale ankakwera basi anayamba kubwera pa galimoto yake. Cipatala naconso cakula. Ca matenda a khansa cinatsegulidwa mu 2007, ndipo pa malo amodzimodziwo pali zipatala za akulu, za amai ndi makanda, za ana ndi za maso, kuphatikizapo sukulu ya udotolo ya University of Zambia. Anthu aculuka, nyumba zaculuka, koma nthaka ndi yomwe ija.

Okhala m'nyumba zoyandikana ndi malo otere ali ndi dandaulo loona. Munthu amadzuka m'mamawa napeza galimoto ya mlendo yatseka cipata cake, mwini wake osadziwika kumene wapita. Kapinga amene anabzala wapondedwa, ngalande yagumuka. Ena akatopa amandandalika miyala kapena kuzika mitengo m'mbali mwa mseu kuti pasaime aliyense. Mkwiyo wao ndi womveka, koma malire a mwini nyumba amathera pa mpanda. Kunja kwa mpandawo ndi mseu wa anthu onse, wosamalidwa ndi khonsolo. Ali ndi ufulu woti cipata cake cikhale cotseguka usana ndi usiku, koma alibe ufulu wothamangitsa mai amene wabwera ndi mwana wokomoka.

Colakwa cacikulu pa nkhaniyi ndico kuona magalimoto onse ngati amodzi. Takisi yotula wodwala imaima mphindi zowerengeka. Mbale wobweretsa phala ndi zovala pa nthawi yoona odwala amakhala ola limodzi. Koma pali wina amene amaimika galimoto m'bandakuca nabwera kudzaicotsa dzuwa litalowa, cifukwa amagwira nchito pafupi ndipo pamenepo salipira kanthu. Ku sitesheni kumakhalanso wina amene amasiya galimoto pakhomo pa eni ake, nakwera basi ya ku Livingstone, osabwerako mpaka masiku atatu. Masamu ake ndi apafupi. Malo amodzi, ngati aliyense aimapo mphindi 20, angathandize anthu 30 m'maola 10. Akawatenga munthu wa tsiku lonse, athandiza mmodzi yekha, ndipo 29 aja azungulirazungulira ndi odwala ao.

Mizinda ina inakumana ndi vutoli kale. Ku London makina olipiritsa oimika galimoto m'mbali mwa mseu anaikidwa koyamba mu 1958, ndipo pambuyo pake madera ambiri anayamba kupereka ziphaso kwa eni nyumba kuti pa maola ena aziima okhawo. Kuika malire a nthawi ndi nzeru yoyenera kutengera. Koma ziphaso za eni nyumba zikabwera zokha zimangokankhira magalimoto ku mseu wotsatira, ndipo amene amalangidwa ndi mlendo wosadziwa mzinda. Cimodzimodzi cizolowezi comanga tayala ndi unyolo. Kaya khonsolo ikhale ndi mphamvu yotero, si cilungamo kumanga galimoto pamalo popanda cikwangwani coletsa. Bambo wa ku Nyimba amene wabwereka galimoto ya mnansi wake kuti athamangitse mkazi wake wapakati sangalote malamulo osalembedwa.

Zofunika kucita sizifuna ndalama zambiri. Pa cipata ciriconse ca cipatala ndi ca sitesheni payenera kukhala malo ojambulidwa bwino otsitsira ndi kukwezera anthu, aulere, a mphindi zocepa, ndi mlonda woonetsetsa kuti asasanduke pogona takisi. M'miseu ya nyumba zapafupi, maola awiri oyamba akhale aulere kapena a mtengo wocepa, ndipo wofuna kukhala tsiku lonse alipire zoti zim'pweteke. Wolandira ndalamazo akhale wa yunifolomu ndi risiti, pakuti anyamata odziika okha kukhala alonda a magalimoto amachula mtengo poyang'ana nkhope, ndipo nkhope ya kumudzi saicedwa kuizindikira. Anamwino ndi adotolo, makamaka a usiku, asaiwalike: ngati acotsedwa mu mseu, awapezere malo ao otetezeka kapena basi ya anchito. Milatho yodutsa pamwamba imene inamangidwa mu Lusaka kuyambira 2018, monga wa ku Makeni ndi wa ku Munali, inathandiza magalimoto kuyenda, koma galimoto iriyonse yoyenda imafuna poima ikafika.

Mpanipani wa pa UTH ukucepanso pamene odwala apeza thandizo asanafike kumeneko. Cipatala ca Levy Mwanawasa cinatsegulidwa mu 2011 pa mseu wa Great East, ndipo makiliniki a Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama ndi Chipata Compound anakwezedwa kukhala zipatala. Kum'mawa kuli Chipata Central ndi St Francis ya ku Katete. Dotolo waluso mmodzi kapena makina amodzi opimira oonjezedwa kumeneko amapulumutsa mabanja ambiri ku ulendo wa ku Lusaka.

Koma zipatala za kum'mawazo zikamakula, magalimoto adzazitsata. Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ndipo malo oyandikana ndi cipatala kapena sitesheni ya mabasi ndi amene amalonda amawafuna koyamba. Makhansala a Chipata, Katete ndi Petauke asanagawe mapuloti a masitolo pamalo otere, ayambe apatula ndi kulemba m'mabuku a khonsolo malo otsitsira odwala, oimika njinga ndi njinga zamoto, ndi njira ya ambulansi. Anthu a m'midzi ali ndi makhansala ao ndi mafumu ao amene angafunse zimenezi pa msonkhano wotsatira, nthaka ikadalipo.