Patani Yobisa Imafa ndi Mwini Wake

Azakhali anga anali ndi shawelo yawo imene amayi a mumpingo mwathu ankaizindikira ikadali patali. Khanda likalowa m'tchalitchi pa Sabata litafunditsidwa shawelo yoyera ya timizere tosanjikizana ngati mamba a nsomba, panalibe wofunsa kuti waluka ndani. Azakhaliwo ankathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo, ndipo akaweruka ankakhala pakhonde ndi wulu wawo ndi kasingano ka ngowe, n'kumaluka mpaka mdima utawaletsa. Amayi ambiri anawapempha kuti awaphunzitse. Yankho linali limodzi: "Mudzabwere mawa." Munthu akabweradi mawalo, ankapeza choluka chija chavundikiridwa ndi chitenje. Ngakhale ine, mwana wa mchimwene wawo, sanandionetse.

Atamwalira tinapeza shawelo yosatha m'chikwama chawo, singano ili chilowere mu wulu. Msuweni wanga anamasulako mizere iwiri kuti aone momwe inkayendera, koma anangoisokoneza. Ilipo mpaka lero m'sutikesi ya amayi, ndipo palibe mwana amene anaifundapo.

Ndalemba izi chifukwa ndikukhulupirira kuti ife a mpingo, makamaka ophunzira pano pa Malamulo, tili ndi ntchito yaing'ono imene sitinaiganizire: kuthandiza amayi oluka a m'midzi ndi m'maesiteti otizungulira kuti mapatani awo alembedwe m'Chichewa, asungidwe, ndipo aphunzitsidwe kwa aliyense wofuna. Luso loluka ndi singano ya ngowe, lomwe ambiri timangoti crochet, lisamayende mobisa ngati mankhwala a sing'anga.

Ndisanapite patali, ndiyenera kuwachitira chilungamo azakhali anga. Sanali munthu wouma mtima. Aliyense wokulira kufupi ndi minda ya tiyi akudziwa momwe chaka chimayendera. Mvula ikayamba, tiyi amaphukira mwamphamvu, ndipo kuyambira cha mu Disembala mpaka mu Epulo ntchito yothyola imachuluka. Mvula ikatha masamba amachepa, ndipo ambiri olembedwa ntchito ya nyengo amabwerera kunyumba kukadikira dzinja lina. Miyezi yomweyo, Juni ndi Julayi, ndi pamene chiperoni chimatsika pa mapiri athu, nkhungu n'kuphimba Makwasa tsiku lonse. Ndalama ya kuesiteti ikamauma ndi pamene anthu amafuna zipewa, masikafu, mashawelo ndi mabulangete. Kwa mayi ngati azakhali anga, shawelo ija inali ufa wa m'nyumba, sopo ndi fizi ya mwana. Kumuuza munthu wotere kuti angopereka patani yake kwaulere kuli ngati kumuuza kuti atsegule nkhokwe anthu atape. Mantha akewo ndi omveka.

Ndiponso si ife tokha tinakhalapo ndi mantha otere. Ku Ireland, pa njala yaikulu ya pakati pa 1845 ndi 1852, masisitere ndi amayi ena ochita bwino anaphunzitsa mabanja osauka kuluka ndi singano ya ngowe kuti azigulitsa apezeko chakudya. Zoluka zawo zinatchuka mpaka kunja kwa dzikolo. Mbiri ya lusoli imanena kuti mabanja ena ankasunga kaduwa kawo kapena katsamba kawo ngati chinsinsi cha pakhomo, mlendo akafika n'kubisa. Komatu chimene chinapulumutsa anthu ambiri chinali kuphunzitsana kuja, ndipo zimene oluka a lero amatha kuzibwereza mosavuta ndi zimene zinasindikizidwa m'mabuku a mapatani a nthawiyo.

Tsono tifunse mofatsa: kodi kubisa patani kumatetezadi msika? Ine ndikuti ayi. Patani ndi gawo laling'ono la malonda a zoluka. Chimene wogula amalipira ndi manja: mizere yofanana, m'mphepete mosapindika, wulu wosayabwa, ndi kumaliza pa tsiku limene munagwirizana. Amayi awiri mutawapatsa patani imodzi, zipewa zawo sizingafanane, monga momwe amayi awiri a ufa umodzi saphikira nsima yofanana. Zimene zimapha malonda a oluka athu ndi zina: wulu kudula, ulendo wokaugula ku Limbe kapena ku Blantyre, ndi zovala za kaunjika zotchipa. Mavuto amenewa munthu sangawathetse ali yekha. Amayi khumi akasonkha, mmodzi n'kupita kukagula wulu wa onse, ndalama ya minibasi imatuluka kamodzi. Sukulu kapena kwaya itafuna masikafu ofanana ochuluka pa masabata awiri, woluka mmodzi angangokana, pomwe gulu lodziwa patani imodzi lingalandire ntchitoyo. Bulangete la timabwalo tolumikiza limaonetsa bwino zimenezi: aliyense amaluka timabwalo take kunyumba, ngakhale ndi zotsalira za wulu kapena wulu womasula ku juzi ya kaunjika, kenako onse amakumana n'kulumikiza. Koma timabwaloto sitingagwirizane ngati aliyense ali ndi kawerengedwe kake kachinsinsi. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Pali chifukwa china cholemera kuposa malonda, ndipo anzanga ophunzira unamwino ndi zachipatala akuchidziwa kuposa ine. Lipoti la 2012 lotchedwa Born Too Soon, limene bungwe la World Health Organization linatulutsa pamodzi ndi mabungwe ena, linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa chiwerengero cha ana obadwa masiku asanakwane: ana 18 pa 100 aliwonse. Mwana wotere, kapena aliyense wobadwa ndi sikelo yosakwana magalamu 2,500, mdani wake wamkulu ndi kuzizira. Thupi la khanda liyenera kutentha pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, koma iye alibe mafuta okwanira osunga kutenthako, ndipo mutu wake, womwe ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, umataya kutentha kwambiri. N'chifukwa chake pa njira ya kangaru, imene inayamba ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978 ndipo kuno kwathu inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, mwana amaikidwa pachifuwa cha mayi ake khungu ndi khungu, atavala thewera, timasokosi ndi kachipewa, n'kumangidwa ndi chitenje.

Kachipewa kameneka si kokongoletsera. Komanso si chipewa chilichonse chingagwire ntchitoyi. Mutu wa khanda lobadwa pa nthawi yake umazungulira masentimita pafupifupi 33 mpaka 35, ndipo wa mwana wobadwa msanga umachepera apo. Chipewa chachikulu chimatsetsereka n'kuphimba mphuno. Cha mabowo akuluakulu chimalowetsa mphepo. Chokhala ndi mabatani, mikanda kapena zingwe zolendewera ndi choopsa. Wulu wake uyenera kukhala wofewa ndi wochapika. Mayi woluka kumudzi amadziwa kuyendetsa singano, koma miyeso iyi mwina sanauzidwepo. Wophunzira unamwino amadziwa miyeso, koma mwina singano ya ngowe sanaigwirepo. Anthu awiriwa amapemphera m'tchalitchi limodzi Sabata lililonse, koma sanakhalepo pansi kuti alembe patani imodzi yoyenera. Cha m'ma 2006, bungwe la Save the Children linapempha anthu a ku America kuti aluke tizipewa ta makanda, ndipo tina mwa ito tinatumizidwa kuno ku Malawi. Tiyamike mtima wawo. Koma kodi n'koyenera kuti kachipewa ka mwana wa ku Thekerani kapena ku Bvumbwe kachite kuwoloka nyanja, pomwe agogo ake ali ndi manja ndi singano?

Wina anena kuti mapatani adzaza kale pa intaneti, bwanji osangotsegula YouTube. Amene anayesapo akudziwa vuto lake. Choyamba ndi bandulo ndi foni yoyenera, zomwe mayi wa kukomboni nthawi zambiri alibe. Chachiwiri ndi chilankhulo. Mapataniwo ali m'Chingelezi chofupikitsa, ndipo Chingelezicho chili pawiri. Chimene a ku America amati single crochet, a ku Britain amati double crochet. Chimene a ku America amati double crochet, a ku Britain amati treble. Ukatenga patani ya dziko lina n'kuiluka ndi matanthauzo a dziko linalo, chipewa cha khanda chimasanduka chosavalika, wulu wa ndalama n'kuonongeka. Ngakhale wophunzira wa ku koleji amasokonezeka nazo.

Pali njira yodutsa pa vutoli. Oluka a m'mayiko ambiri, makamaka ku Japan, amajambula patani ndi zizindikiro m'malo mwa mawu: kadzira koimira tcheni, kamtanda koimira cholukira chachifupi, chilembo cha T chodulidwa ndi kamzere choimira chachitali. Munthu wosadziwa kuwerenga bwino akaphunzira zizindikiro zochepazi amatha kutsatira chojambula chonse. Tikaphatikiza chojambula chotere ndi mawu a Chichewa amene amayiwo amagwiritsa ntchito pophunzitsana, patani ingayende kuchokera ku Makwasa mpaka ku Nsanje popanda womasulira.

Choncho pempho langa ndi ili. Magulu a achinyamata pano pa koleji akambirane ndi amayi a Dorika a mipingo yotizungulira, tipeze masana a Lamlungu limodzi pa mwezi. Wophunzira akhale pambali pa woluka ndi kope, tepi yoyezera ndi cholembera. Alembe kukula kwa singano m'mamilimita, kaya ndi ya 3 kapena ya 4, mtundu wa wulu ndi kuchuluka kwake, chiwerengero cha matcheni oyambira, zochita pa mzere uliwonse, ndi muyeso wa chinthucho chikatha. Kenako patani yolembedwayo ipatsidwe kwa munthu amene sanalipo, ayese kuluka osafunsa. Akalephera, ndiye kuti talemba molakwa, tikonze. Tiyambe ndi zochepa: kachipewa ka misinkhu itatu, timasokosi, kabwalo ka bulangete ndi shawelo yosavuta. Za makandazo anamwino azione kaye tisanazigawe. Kope limodzi likhale kwa mlembi wa Dorika, lina mulaibulale, ndipo chithunzi chake chiziyenda pa WhatsApp.

Koma tisalowe m'nyumba za anthu ngati olanda. Patani iliyonse ilembedwe ndi dzina la mwini wake ngati iye wavomera, kuti ulemu upite kumene uyenera kupita. Mayi amene akufuna kusungako imodzi yoti azidyera, tisamuweruze. Timupemphe kuti aphunzitse mwana wake kapena mnzake mmodzi, kapena alole kuti ilembedwe n'kusungidwa mpaka nthawi imene iye adzanene. Wophunzitsa gulu tsiku lonse apatsidwe kangachepe, pakuti nthawi yake ndi ndalama. Ndipo ifenso ophunzira tisamale: patani imene mwini wake akuigulitsa pa intaneti si yathu kuti tiziijambula n'kumagawa. Kugawana kwenikweni ndi kupereka chako. Kupereka cha wina popanda chilolezo ndi kuba, ndipo zingakhale zochititsa manyazi pa malo otchedwa Malamulo.

Mpingo wathu si mlendo pa ntchito ya manja. Gulu loyamba la Dorika la Adventist linayamba mu 1874 ku Battle Creek, m'chigawo cha Michigan, amayi akukumana kuti asoke ndi kukonza zovala za osowa. Mishoni ino, chiyambire mu 1902, yakhala ikuika sukulu, chipatala ndi tchalitchi pamalo amodzi, pokhulupirira kuti mutu, manja ndi mtima ziphunzitsidwe pamodzi. M'buku la Eksodo mutu 35, pomanga chihema, amayi aluso anapota ulusi ndi manja awo n'kubweretsa, ndipo Bezaleli ndi Oholiabu sanangopatsidwa luso la zomangamanga ndi zoluka. Anapatsidwanso mtima wophunzitsa ena. Mphatso ziwirizi zinabwera pamodzi.

Ndimaganiziranso nkhani ya Dorika mwini wake mu Machitidwe mutu 9. Atamwalira ku Yopa, amasiye anaimirira mozungulira Petro akulira, akumuonetsa zovala zimene iye anawasokera. Zovalazo anali nazo m'manja, koma manja ozisoka anali atazizira. Iwo anachita mwayi, Petro anapemphera ndipo Dorika anauka. Ife pa maliro a azakhali anga tinangotsala ndi shawelo yosatha ndi chiyembekezo cha m'mawa wa chiukitso. Pakati pa lero ndi m'mawa umenewo, ana apitiriza kubadwa mu Juni, ndipo chiperoni chipitiriza kutsika.

Amayi anga oluka, kupatsa n'kuika. Patani imene mwaphunzitsa mnzanu simunaitaye. Mwaisungitsa pamalo pamene chiswe ndi imfa sizifika msanga. Ndipo inu anzanga ophunzira, tikapita ku tchuthi chikubwerachi, tisangofunsa agogo kuti atilukire sikafu. Tikhale nawo pamphasa ndi kope, tiwerenge nawo matcheni, tilembe. Ine ndayamba kale ndi amayi ena a mumpingo mwathu amene ankakhala pafupi ndi azakhali pakhonde paja. Akuti mizere itatu yoyambirira ya shawelo ija akuikumbukira.