Pogona Tampatsa, Nanga Pokhala?

Amayi anzanga, mlungu uno tisiye kaye za kaphikidwe ndi kasokedwe, tikambe za denga. Inu amene mukukhala m'nyumba za kampani m'makomboni a m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo, ndikufunseni funso limodzi, ndipo muliyankhe mumtima: kodi bambo a kunyumba kwanu atati atisiye lero, kapena ntchito itawathera, inu ndi ana mudzagona kuti mwezi wamawa?

Funsoli ndi lowawa, koma ndi lathu. Nyumba ya pa esiteti imatsata ntchito. Munthu akalembedwa amalandira kiyi, ntchito ikatha amabweza, pakuti amene walowa m'malo mwake akudikira panja ndi katundu wake. Pamenepa palibe wakuba kapena wolanda ayi, ndi mmene pangano lake lilili. Kaya mwakhalamo zaka 20, kaya munabzala mpiru ndi tomato kuseri, kaya ana anu onse michombo yawo inagwera momwemo, nyumbayo si yanu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene linati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi mlandu, lingathe kukutetezani pa ziwiya, mipando ndi ndalama za malemu, koma silingakusiyireni makoma a eni ake.

Anthu a kutali akamva zotere amangoti, "Apite kwawo." Kwawo kuti? Makolo a ambiri mwa ife anachokera ku Mozambique zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo anafika nthaka yabwino itatengedwa kale ndi azungu a minda. Anakhala pa malo a eni ake nalipira ndi thukuta lawo. Imeneyo ndiyo thangata ija, ndipo wokana kugwira ankathamangitsidwa pamalopo. Thangata inathetsedwa mu 1962, koma minda ya tiyi, monga Satemwa imene inayamba mu 1923, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba, inatsala pamalo pake, ife nkumachulukana m'mphepete mwake. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 700,000 m'boma lathu lino. Pa mwambo wathu mwana wamkazi amalandira munda kwa mayi ake, mwamuna nadzakhala pa chikamwini. Koma munda umene agogo anagawira ana aakazi anayi, anawo nagawiranso awo, lero wangotsala ngati mphasa. Tsono mayi wobadwira m'komboni, amene mayi akenso anakulira m'komboni, akapita kumene amati kwawo amakapeza abale amene sanamuonepo, ndi mwini mbumba wongokanda m'mutu.

Mayi wotereyu akatuluka ndi mtolo wake, nyumba yomusungira kawirikawiri imakhala khitchini ya mnansi, kachipinda ka kutchalitchi kosungiramo mabenchi, kapena, zikavutitsitsa, khonde la sitolo pa Thunga kapena pa Luchenza. Ndiyenera kuwathokoza amayi a Mvano, a Dorika, a m'miphakati ndi amayi achisilamu amene amatsegula chitseko usiku woyambawo osafunsa kuti munthuyu amapemphera kuti. Usiku umenewo musaupeputse. Mwezi wa June chiperoni chikagwa, mwana wogona pakhonde sachedwa kudwala chibayo. Mayi amene wapeza pogona sagulitsa mapoto ndi matiresi ake pa mtengo wa nkhuku. Ana ake sagawidwa kwa achibale ngati anapiye, uyu ku Bvumbwe, uyu ku Makwasa. Koposa zonse, savomera chipinda cha bambo uja amene chifundo chake chili ndi mtengo, ndiponso sakankhira kamtsikana kake kubanja kuti pachepe pakamwa pamodzi. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amakana ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, koma njala ndi mphepo sizifunsa zaka za mwana.

Komabe akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mlungu woyamba mumadyera limodzi mokondwa. Mlungu wachitatu mwini nyumba wayamba kuyang'ana m'thumba la ufa. Mwezi wachiwiri ana amenyana, bambo wapakhomo wayamba kubwera mochedwa ndi nkhope yamakwinya, ndipo mlendo uja wadziwa yekha kuti walemera. Apa wolakwa palibe. Kungoti pogona ndi pokhala ndi zinthu ziwiri, ndipo ife amayi a m'magulu timakonda kuchita choyambacho nkupumula, ngati kuti ntchito yatha.

Zomwezi tinaziona poyera mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba m'maboma a kum'mwera kuno, Thyolo yemwe. Anthu opitirira 600,000 anasowa pokhala, ndipo sukulu ndi matchalitchi zinasanduka misasa. Nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, a Red Cross, mipingo ndi anthu akufuna kwabwino anabweretsa ufa, ndowa ndi mabulangete, ndipo miyoyo yambiri inapulumuka. Koma sukulu ndi ya ana asukulu. Nthawi itakwana yoti makalasi atsegulidwe, amene anali ndi malo awoawo ndi abale owagwira dzanja anabwerera nakayamba kuumba njerwa. Amene anavutika kutuluka anali aja opanda pomanga. Kwa iwo bulangete linathetsa kuzizira kokha.

Chifukwa chake m'gulu lathu tinapangana kuti tsiku limene talandira munthu ndi tsiku lomwelonso loyamba kumukonzera njira yotulukira. Ena amati ndi nkhanza kukamba za kuchoka munthu asanatule nkomwe mtolo. Ine ndimati nkhanza yeniyeni ndiyo kumusiya akhale miyezi isanu m'khitchini ya wina mpaka chibale chisanduke chidani.

Tinalandirapo mayi wa ana atatu amene amuna ake anagwira ntchito ya ulonda zaka zambiri pa esiteti ina, ndipo atamwalira nyumba inafunidwa. Wosunga mlendo anali mmodzi, koma ufa, nkhuni ndi sopo zinkachokera kwa tonse mosinthana, mlungu uno awa, mlungu wamawa awo, kuti katundu asapsinje khomo limodzi. Amayi awiri odziwa kuwerenga bwino anapatsidwa ntchito yoyenda naye m'maofesi. Apa ndi pamene ambiri amagwa, anzanga. Ndalama za malemu sizibwera zokha. Pamafunika chiphaso cha unzika, chija tinayamba kulandira mu 2017, kalata ya imfa, ndiponso dzina lanu likhale pa fomu imene bambo analembapo odzalandira ndalama zawo za penshoni. Mayi wolira, wosadziwa Chingerezi, akapita yekha amangouzidwa kuti abwere mawa, ndipo akabwera katatu ndalama yoyendera yatha. Akakhala atatu, wina nkulemba tsiku ndi zimene auzidwa, mawa lija limafupika. Zikakanika pali ofesi ya zantchito ndi ya DC kuboma, komanso bungwe la anthu ogwira ntchito m'minda.

Ndalamazo zikatuluka, achibale amene sanaoneke tsiku losamuka amatulukira onse, aliyense ndi vuto lake. Ife tinamulangiza mayiyo kuti asanafike nazo nkomwe pakhomo akagule malata. Malata saola, sadyedwa ndi chiswe, ndipo mlamu sangabwereke limodzi kuti akabweze pakutha pa mwezi.

Nkhani yovuta kopambana ndi ya malo. Tinapita kwa anyakwawa tonse pamodzi, titamanga nsalu zathu, pakuti pempho la mayi mmodzi limaiwalika msanga pamene la amayi khumi limakambidwa m'mudzi monse. Malo anapezeka, aang'ono, otsetsereka, kumalire kwa munda wa mayi wina wachikulire amene anavomera pamaso pa ana ake. Mawu awa muwasunge: pamaso pa ana ake. Malo opatsidwa mwachifundo popanda mboni amabwereranso tsiku la maliro a wopatsayo. Choncho malire anayendedwa, mitengo inabzalidwa m'ngodya, ndipo kalata inalembedwa nidindidwa ndi mfumu.

Sindikunena kuti njira imeneyi ingakwanire onse. Malo kuno ndi ochepa, ndipo ufumu sungagawe chimene ulibe. Boma linayesapo njira ina. Kuyambira 2004 mpaka 2011 kunali ntchito ya Kudzigulira Malo, ya ndalama zochokera ku World Bank, imene inathandiza mabanja opitirira 15,000 kupeza minda, ena mwa iwo ochokera kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje amene anasamukira ku Machinga ndi ku Mangochi. Anthu ankapanga gulu, nasankha okha malo ogula kwa mwini wofuna kugulitsa, ndipo banja lililonse linkapeza mahekitala awiri kapena kuyandikira pamenepo, pamodzi ndi thandizo lomangira pogona ndi logulira zipangizo za ulimi. Kwa munthu amene ankalima kamunda konga mphasa, mahekitala awiri ndi dziko. Ambiri anakhazikika nakolola chimanga chokwanira. Koma ena anabwerera, chifukwa kumene anapitako chipatala, sukulu, mjigo ndi msika zinali kutali, ndiponso analibe wowalirira pa maliro. Ine phunziro limene ndinatolapo ndi lakuti munthu safuna nthaka yokha, amafunanso anansi, ndipo amene anapita ndi gulu logwirizana anapirira koposa amene anangophatikizidwa ndi alendo kuti chiwerengero chikwane.

Tibwerere kwa mayi wathu uja. Malo atapezeka, kumanga sikunativute monga mmene tinkaopera. Mutu umodzi susenza denga, koma mitu makumi awiri imasenza ikuseka. Amayi tinatunga madzi ndi kuponda dothi, anyamata a m'mudzi anagwira chikombole, mmisiri wa mumpingo anavomera kulandira theka la mtengo wake. Nyumba yake inali ya zipinda ziwiri, ya zidina, pakuti nkhuni zowotchera njerwa masiku ano ndi zodula ndipo mitengo yatha m'mapiri. Koma mvula ya Freddy inatiphunzitsa kuti nyumba ya zidina imagwa kuyambira pansi, madzi akanyowetsa tsinde la khoma. Tsono maziko tinaika a miyala, okwera ndithu, khonde lotambalala kuti mvula isamenye khoma, ndi ngalande kumtunda yopatutsa madzi otsika m'phiri. Chimbudzi tinakumba nyumba isanathe. Musaseke, amayi: munthu wopempha chimbudzi kwa mnansi m'mawa uliwonse akadali mlendo ngakhale agone m'nyumba yake.

Pali chinthu china chimene magulu ambiri amaiwala. Nyumba yopanda chakudya siikhalitsa. Ndaonapo malata atsopano akuzulidwa mwezi wa Febuluwale kuti agulitsidwe pogula chimanga, banja nkubwerera pomwe linayambira. Kale mayi wa kuno akanadalira nthochi, koma matenda a chisaka anatha minda yambiri. Choncho tinamulowetsa mnzathuyo mu banki m'khonde yathu, magawo ake oyamba titamuponyera ife, ndipo ngongole yake yoyamba inali yaing'ono, yongokwanira ufa wa mandasi ndi mafuta. Ngongole yaikulu kwa munthu wongodzuka kumene ndi msampha. Nyengo ya mvula, tiyi akaphuka kwambiri ndipo maesiteti akulemba anthu ambiri othyola, iye anapita kukalembetsa nanyamula dengu kumsana, koma tsopano madzulo ankabwerera kunyumba yake, yoti ntchito ikatha mwezi wa Meyi palibe wodzafunsa kiyi. Tinakumbutsanso a komiti ya m'mudzi za dzina lake pa Mtukula Pakhomo, thandizo la boma lija linayambira ku Mchinji mu 2006, ngakhale kuti limasankha mabanja ochepa okha, osaukitsitsa ndi opanda wogwira ntchito, kotero si loti munthu aikepo mtima wonse.

Tsopano ndibwerere kwa inu amene kiyi wa kampani akadali m'manja mwanu. Nthawi yabwino yofunira malo ndi ino, bambo akulandira malipiro ndipo palibe wokuthamangitsani. Kaoneni abale kumudzi chaka chilichonse, pa maliro ndi pa zinkhoswe muzioneka, kuti tsiku lodzapempha pomanga musadzakhale nkhope yachilendo. Afunseni bambo mwaulemu, nsima itatha, kuti pa fomu ija ya kuntchito analembapo yani. Ena adzakwiya nkumati mukuwafunira imfa. Apirireni, mawa mufunsenso. Lata limodzi pa miyezi iwiri kapena itatu, losungidwa kwa munthu wokhulupirika, pakutha pa zaka zitatu ndi denga la kanyumba.

Ndipo inu atsogoleri a magulu, yang'anani m'dera lanu mlungu uno. Ngati pali mayi amene akugona m'khitchini ya wina, werengani miyezi. Njerwa ziumbidwe mu Ogasiti kapena Seputembala dzuwa lili ndi mphamvu, khoma likwere mu Okutobala, denga likhale pamwamba mvula yoyamba ya Novembala isanagwe. Mukachedwa kupita kwa anyakwawa mwezi uno, mlendo wanuyo adzakhala m'khitchinimo mpaka chimanga chidzakololedwe.