Khadi la NHIMA Silioloka Malire

Makolo a ku Kapata ndi ku Mchini, ngati mwana wanu akupita kukaphunzira ku South Africa, mverani. Kumeneko mlendo sapatsidwa viza ya maphunziro popanda inshuwalansi ya cipatala yolembetsedwa m'dzikomo. Ku Britain nako, kuyambira mu 2015, alendo okakhalitsa amalipiriratu ndalama ya cipatala popempha viza.

Ena amaganiza kuti khadi la NHIMA, imene tinayamba kulipira mu 2019, likwanira. Iai, limagwira nchito muno m'Zambia mokha.

Ine ndikuti malamulowa ndi abwino. Matenda sapangana tsiku. Mwana wopanda inshuwalansi akafunika opaleshoni kutaliko, ngongole idzagwera inu kuno. Conco powerengera fizi, ikanimo inshuwalansi, ndipo musaleke kulipira viza ikatuluka.