Kulumikiza Wailesi ndi Kompyuta ku Chipata

Ku Chipata, kumene mapiri azungulira mzinda ndipo midzi ina yakutali imavutika kupeza netiweki ya foni, njira yotumizira mauthenga olembedwa kudzera pa wailesi za anthu okonda luso la wailesi paokha, yotchedwa packet radio, ndi yoyenera kuiganizira mofatsa. Pakati pa kompyuta ndi wailesi pamaikidwa kachipangizo kotchedwa TNC, kamene kamadula uthenga m'tizidutswa motsata ndondomeko ya AX.25, n'kutisandutsa kulira kwa mitundu iwiri, kwa 1200 ndi 2200 Hz, komveka ngati nkhululu. Masiku ano pulogalamu ya Dire Wolf imagwira ntchito yomweyo m'kati mwa kompyuta momwemo, kotero chofunika ndi waya wopita ku wailesi basi. Liwiro la mabiti 1200 pa sekondi ndi lochepa zedi, komabe limakwanira kunyamula uthenga wa ngozi kapena wa madzi osefukira pamene nsanja za mafoni zazima. Popeza mafunde a 144 MHz amatsekerezedwa ndi mapiri, siteshoni yolandira ndi kubwereza mauthenga iyenera kukhala pamwamba, monga pa phiri la Kanjala, ndipo mwini wake ayenera kupeza chilolezo ku bungwe loyang'anira za mauthenga la ZICTA pamodzi ndi chizindikiro cha siteshoniyo chimene chimayamba ndi 9J.