Foni ikamatseka apu osatsanzika

Mlungu watha ndinkalemba kalata yofunsira ntchito pa foni, nditafika ndime yachinayi. Ndinatuluka pang'ono kukayankha uthenga pa WhatsApp, kenako n'kutsegula kamera. Pobwerera, apu ija inayambira poyambirira, ndime zonse zapita. Foni yanga ili ndi RAM ya 2GB basi, ndiye sindinadabwe kwenikweni, koma zinandiwawa ndithu.

Android inamangidwa pa Linux, ndipo Linux imalamula mapulogalamu ndi timauthenga ta manambala totchedwa ma signal. SIGTERM, nambala 15, ndi waulemu: amagogoda kaye, kukuuza kuti longedza, tikutseka. Pulogalamu imapeza mpata wosunga zimene munalemba. SIGKILL, nambala 9, alibe odi. Malamulo a POSIX, amene bungwe la IEEE linatulutsa koyamba mu 1988 kuti makina a mtundu wa Unix azichita zinthu mofanana, amanena kuti palibe pulogalamu ingatchinge kapena kunyalanyaza SIGKILL. RAM ikadzaza, Android imatumiza 9 ameneyu kwa apu imene mwaisiya kumbuyo.

Poyamba ndinakwiyira foni. Koma Android imadziwitsa apu nthawi imene mukuichoka, 9 asanafike, ndipo apa ndi pamene wolemba apu wosamala amasunga zonse. Amene analemba yanga ija anagona.

Palinso SIGPIPE, nambala 13, amene amasowetsa mtendere ophunzira kulemba mapulogalamu. Ndi lamulo la mkfifo mumapanga paipi yokhala ndi dzina. Imaoneka ngati fayilo, koma siisunga kanthu: pulogalamu ina imathira uku, ina n'kumatunga uko, choyamba kulowa ndicho choyamba kutuluka. Wothira akayamba kufika, amadikira mpaka wotunga abwere. Wotunga akachoka mnzake akadali kuthira, SIGPIPE amabwera n'kuzimitsa wothirayo mwakachetechete, osasiya ngakhale uthenga. Ubwino wake, uyu amakanika. POSIX imalola pulogalamu kumunyalanyaza, ndipo m'malo mofa imangouzidwa kuti EPIPE, paipi yaduka. Amene muli ndi Termux pa foni mutha kuyesa zimenezi usiku uno.

Kalata ija ndinailembanso, ulendo uno mu apu imene imasunga yokha mawu aliwonse ndikangolemba. Kamera ndinaitsegula nditatumiza kale.