Mpopi watsopano, paipi yakale

Bambo wina wa ku Ulongwe adatopa ndi mpopi wa m'bafa mwake umene unkadontha usana ndi usiku. Nyumbayo idamangidwa nthawi ya Apwitikizi, chisanafike chaka cha 1975, ndipo mapaipi ake ndi achitsulo. Tsiku lina adadutsa pa Calomue nakagula mpopi wonyezimira ku Dedza. Pofika kunyumba adapeza kuti mpopiwo ukungogwedera, chifukwa kamwa la paipi ndi lalikulu. Adaukulunga ndi malegeni naukhomera momwemo. Pakati pa usiku madzi atabwera ndi mphamvu, mpopi udafwamphuka. Kutacha, khoma linali chinyontho chokhachokha, ndipo matumba awiri a chimanga m'chipinda choyandikana anali atanyowa.

Safunsa adadya phula. Mapaipi achitsulo a m'nyumba amakhala a misinkhu iwiri kawirikawiri. Pali ya hafu inchi, imene m'masitolo a kuno amati meia polegada, ndiponso ya 3/4, imene amati três quartos. Chosokoneza nchakuti maina amenewa sagwirizana ndi zimene rula imaonetsa. Paipi ya hafu inchi ikayezedwa kunja kwake imakwana mamilimita 21, pamene ya 3/4 imakwana pafupifupi 27. Mapaipi apulasitiki amawerengedwa m'mamilimita: ya 20 imayendera limodzi ndi hafu inchi, ya 25 ndi 3/4.

Nchifukwa chake wanzeru amamasula mpopi wakale nkuutenga popita kusitolo, kuti wogulitsa aone yekha msinkhu wake ndiponso ngati mazinga ake ali kunja kapena mkati. Msinkhu ukasiyana, mpopi watsopano sutayidwa ai. Pali kachitsulo kolumikizira, kakakulu mbali imodzi, kakang'ono mbali inayo. Kuno amakatcha redução, ku Malawi amati rijusa, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa mpopi.

Pogwira ntchitoyi, madzi ayambe atsekedwa. Ngati pachita dzimbiri, pathiridwe oilo pagone usiku umodzi. Pomasula pamafunika mabobojani awiri, wina wogwira paipi kuti isazungulire, wina wopotokola mpopi. Paipi yakale ikathyokera m'khoma, ndiye kuti khomalo ligumulidwa. Pomanga, tepi yoyera ija ikulungidwe pa mazinga, ndipo kumanga kuyambe ndi dzanja. Zikakana pa dzanja ndiye kuti sizikugwirizana, ndipo sipanala ingowononga mazinga.

Bambo uja adakafunsa pulambala, amene adamutuma redução yochoka pa 3/4 kupita pa hafu inchi. Mpopi womwe uja udalowa bwino ndipo kudontha kudatheratu. Koma chimanga chija adachiyanika sabata yathunthu, china nkuwola.